Chimene Chinagunda Atelala

Anayamba kuzindikira ndi agalu. Kukangoda, agalu a mumsewu wa kuseri kwa msika ankauwa motsatizana, nyumba ndi nyumba, ngati akuperekeza munthu, koma munthuyo osaoneka. Chinkangomveka ndi kamluzu kowonda ngati ka udzudzu, kenako mphepo n'kukuulutsira zovala. Nyali ayi, utsi ayi. Ena ankati ndi mzukwa, ena ankati ndi ndege ya afiti ikuuluka motsika.

Madzulo ena chinthucho chinagunda atelala akuchokera ku shopu yawo. Anthu anawatola m'ngalande chiuno chitathyoka. Akazi awo atakadandaula kupolisi, wapolisi anangoyasamula.

"Nambala yake munaiona, mayi? Chopanda nambala, chopanda mwini, ndiye timange mphepo?"

Anabwerako mtima ukuwawa. Munthu wosokera tauni yonse masuti, lero n'kumatembenuzidwa pabedi ngati khanda! Pakanapanda mlamu wawo, mng'ono wa atelala, amene ankakhala nawo pakhomopo n'kumagwira ntchito yoperekera katundu m'makomo, bwenzi mankhwala atasiya kalekale. Iyeyo ndiye ankabwera ndi mapilitsi, kuwaika patebulo, n'kutuluka osayang'ana mkulu wake kumaso.

Kenako kamluzu kaja kanalowa m'nyumba. Mayiwo ankakamva akamatsuka mbale madzulo, kakuchokera m'kachipinda kosungiramo katundu, kamene mlamuyo anali atayamba kukhoma ndi loko. Pansi pa chitseko pankaphethira kuwala kofiira, kuzima, kuyakanso, ngati diso la chinthu chimene chikulimbana ndi tulo. Tsiku loyamba mayiwo anapemphera. Lotsatira anathawira kuchipinda. Koma atamva amuna awo akubuula usiku wonse, mkwiyo unaposa mantha. Madzulo ake anatenga hamala n'kuswa lokoyo.

Munali njinga yakuda bii, matayala onenepa ngati a njinga yamoto, chingwe chake chili pa soketi, ikumwa magetsi. Zopalasira zinalipo, koma tcheni panalibe. Zinali zongonamizira apolisi kuti ndi yakapalasa. Foloko yogwira tayala lakutsogolo inali yopindika, yoongoledwa mothamanga.

"Alamu," mlamu uja ananong'ona kumbuyo kwawo. "Musakuwe."

"Ndinu? Mbale wanu weniweni, n'kumusiya m'ngalande?"

"Laisensi ndilibe. Ndikayatsa nyali andiona, andilanda. Sindinawaone achimwene, ndikulumbira. Kanenenitu ngati mukufuna, koma dziwani kuti mapilitsi aja ikugula ndi imeneyi."

Mayiwo anaiyang'ana njingayo. Anadana nayo, anadana ndi mlamu wawo, anadzida okha chifukwa yankho anali atalidziwa kale. Kuchipinda atelala anatsokomola.

"Mayi a ana, chikulira n'chiyani kumeneko?"

Anakoka chitseko pang'onopang'ono mpaka chinatsekeka.

"Ndi firiji ya aneba, bambo. Gonani."