Makwerero Anasiyidwa Chiimire

Kunyumba kwa mmisiri wina womanga nyumba kunalibe zambiri, koma mtendere unalipo. M'mamawa bambo ankapemphera ndi banja lawo, n'kunyamula chikwama cha zipangizo, mayi n'kukhala pamakina awo osokera pakhonde. Mwana wawo wachisamba atamaliza sukulu anayamba kutsatira bambo ake kuntchito. Dzanja lake linali labwino moti anthu anangomutcha Kamisiri, ndipo bambo ake akamva dzinalo ankamwetulira mobisa.

Pomanga khoma lalitali, amisiri amaima pansanja ya mitengo ndi matabwa. Ntchito yokhoma nsanjayo bambo anaisiya m'manja mwa Kamisiri, pamodzi ndi lamulo limodzi.

"Nsanja ikakhala yosatha, makwerero azigona pansi," anatero. "Ndikawapeza ataimikidwa, ndiye kuti wandiuza kuti misomali yonse yalowa. Ine sindifunsa, ndimangokwera."

Kamisiri ankakonda mpira. Kukonda mpira si tchimo, ndipo nthawi yonse imene ankamvera timu yake pawailesi uku akusakaniza simenti, palibe amene ankadandaula. Zinthu zinasintha atadziwana ndi mkulu wa masapota, wotchedwa Walipenga. Uyu anali munthu wopanda ntchito yodziwika koma wosasowa ulendo, ndipo pakamwa pake panali potsekemera.

"Aise, mpira wa pawailesi ndi wa odwala," anatero Walipenga tsiku lina, atatulutsa mutu pawindo la minibasi. "Kwera!"

"Sindinawauze bambo."

"Ukawauza pobwera. Ulendo wokoma ndi wongodzidzimukira. Zokonzekera n'za nkhalamba."

Anakwera. Ndipo tisanamizane, ulendowo unakoma. Anaimba mpaka mawu kusasa, anakumbatirana ndi anthu osawadziwa chigoli chitalowa, anaona misewu imene anali asanaionepo. Anabwerako akudziona ngati munthu amene wangoyamba kumene kukhala ndi moyo.

Kuyambira pamenepo, lipenga la masapota likangolira pamsewu, miyendo ya Kamisiri inkayabwa. Tsiku lina anasiya simenti atasakaniza kale, ndipo pobwera anaipeza itauma gwa. Bambo anamupatsa piki kuti aiswe yekha.

"Mwanawe, sindikukuletsa mpira," anatero bambowo. "Ukafuna kupita, nena dzulo lake, tikonze ntchito. Koma kungosowa ngati mbuzi yodula chingwe, ayi."

"Bambo, inu moyo wanu wonse ndi njerwa basi. Ine ndikufuna kuonako dziko."

Mayi anaimitsa makina awo. "Njerwa zomwezo ndi zimene zakulera iwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Koma kwa Kamisiri mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Loweruka lina anali pa nyumba yosanja ya mwini sitolo wina. Bambo anapita kukatenga laimu, Kamisiri n'kutsala akukweza nsanja kuti ifike pakhoma lam'mwamba. Matabwa anali atawayala, koma mtengo wopingasa umene matabwawo anatsamirapo unali utangogwidwa ndi msomali umodzi wongoyembekezera. Ali pamwamba pomwepo, hamala ili m'manja, lipenga linalira.

"Kamisiri! Lero ndi ndime yomaliza, chikho chikubwera kwathu!" anakuwa Walipenga. "Mpando watsala umodzi!"

"Dikirani ndikhomere kaye apa."

"Minibasi sidikira msomali, aise. Nyumba sithawa, koma chikho ukachiphonya wachiphonya."

Dalaivala anaimba hutala. Kamisiri anatsika mothamanga, n'kuponya hamala pamchenga, n'kudumphira m'galimoto ikuyenda kale.

Atadutsa mlatho wa kunja kwa tauni, mtima wake unamukumbutsa. Makwerero! Anawasiya chiimire. Anatulutsa foni, ndipo nambala ya bambo ake inali pomwepo pansi pa chala chake. Koma anaganiza kuti akaimba, bambo adziwa kuti wathawanso, ndipo amulamula kuti atsike abwerere. Apa ndi pamene ine wolembane mtima umandiwawa, chifukwa kuiwala ndi kwa munthu aliyense, koma uyu anali atakumbukira.

"Aona okha," anadziuza. Anathimitsa foni n'kuyamba kuimba nawo nyimbo.

Bambo sanaone okha. Atafika ndi laimu anapeza makwerero ataimikidwa, ndipo anaganiza kuti mwana wapita kukatunga madzi. Ananyamula ndowa ya matope n'kukwera monga mwa masiku onse. Atangoponda thabwa lapakati, msomali uja unazuka. Anagwa chagada pa mulu wa njerwa.

Nthawi imeneyo Kamisiri anali akuvina. Timu yake inawina, ndipo anzake anamunyamula m'mwamba. Mpira utatha anayatsa foni kuti ajambule chikho, koma foniyo inalira asanajambule. Anali mayi ake.

"Uli kuti?"

Kumbuyo kwake malipenga ankalira, ndipo mayi anamva okha.

"Bambo ako ali kuchipatala," anatero, n'kudula.

Anapempha Walipenga kuti anyamuke msanga. Walipenga anaseka. "Tinyamuke chikondwerero chisanathe? Pepa aise, kakwere basi." Ndiwo anali mathero a ubwenzi wawo.

Anafika kuchipatala m'mawa mwake, atavalabe malaya a timu. Mayi anali pabenchi panja pa wodi, maso atatupa, ndipo sanamuyang'ane. Dokotala ndi amene anamuuza kuti msana wathyoka. Moyo upulumuka, koma miyendo sidzayendanso.

Analowa mu wodi. Bambo anagona chagada, osatha kutembenuka, manja awo okakala ali pamwamba pa chofunda. Kamisiri anagwada pambali pa bedi, akuyembekeza kukalipiridwa, ndipo akanakonda kuti amumenye. Bambo anayang'ana malaya aja kwa nthawi yaitali.

"Mwawina?" anafunsa motsitsa.

"Eya, bambo."

"Chabwino."

Kamisiri analira mpaka namwino anabwera kudzamutulutsa.

Lero ndi iye amene amadyetsa banja lonse. M'mawa asanapite kuntchito amanyamula bambo ake kuwapititsa kubafa, n'kuwasambitsa, n'kuwakhazika pampando pakhonde. Analapa, ndipo bambo ake anamukhululukira pamaso pa banja lonse. Koma chikhululukiro sichinadzutse miyendo ija, ndipo m'mawa uliwonse Kamisiri amamva m'manja mwake mmene bambo ake akupepukira.

Mnyamata, mtsikana, ulendo sulakwa ndipo mpira sulakwa. Koma usanakwere galimoto, yang'ana kumbuyo uone chimene ukusiya chosatha, ndiponso amene ati apondepo pokukhulupirira iwe. Mtima ukakukumbutsa uli panjira, tsika ubwerere. Manyazi a tsiku limodzi amatha, koma pali zina zimene misozi yako sidzakonza.