Mabulangete Awiri a Dan

Pofika masana, Dan anasiya kulira, ndipo m'pamene mtima wa Triza unayamba kugunda. Kamlongo kake ka miyezi isanu kankalira ngati sayirini ya kufakitale, ndiye chete ameneyu anali woopsa.

Linali Loweruka. Mayi awo anapita kothyola tiyi m'mamawa, chifunga chitaphimba minda yonse. Pochoka anamuveka Dan juzi, chipewa ndi masokosi, n'kumukulunga m'mabulangete awiri.

"Usamuvule, ndipo zenera usatsegule," anatero. "Mphepo ya kuno ndiyo inanditengera Amosi."

Amosi anali mwana wawo wachiwiri, amene anamwalira ndi chibayo nthawi ya chiperoni. Chiyambire pamenepo, mayiwo ankaopa mphepo kuposa njoka.

Koma uwu unali Okutobala. Chifunga chinali chitabalalika kalekale, malata a nyumba za kampani akuthetheka ndi dzuwa. M'nyumbamo munali ngati mu uvuni wa masikono. Triza anagwira mwanayo pachipumi: moto weniweni. Milomo inali gwaa, liwombo litalowa. Atamuitana, anangotsegula maso pang'ono n'kutsekanso.

Achite chiyani? Akamuvula, chibayo n'kumugwira, adzawayang'ana bwanji amayi ake? Anazungulirazungulira m'nyumbamo. Kenako anachotsa bulangete loyamba, lachiwiri, juzi, chipewa, zonse. Anamupukuta ndi kansalu konyowa, n'kumubereka, liwiro la mtondo wadooka kudutsa m'tinjira ta m'tiyi mpaka kukiliniki ya esiteti.

"Thupi latentha kwambiri, madzi athamo," anatero anamwino akumuika diripi. Triza anafotokoza zonse misozi ili mbwembwembwe.

Mayi ake atamva uthenga anafika dengu likadali kumsana. Atangoona Dan ali ndi thewera lokha, nkhope inasintha.

"Triza, ndinakuuza chiyani ine? Ukufuna undiphere uyunso?"

"Mayi, mtima m'malo," anatero anamwino. "Kuzizira kumapha, inde, koma kutentha nakonso kumapha. Mwanayu akanatha ola lina m'mabulangetemo, bwenzi pano tikunena zina."

Mayiwo anayang'ana Dan, amene tsopano ankagwedeza timiyendo. Kenako anatembenukira kwa Triza, ndipo iye anatsinzina, kudikira mbama. Anangomva dengu likugwa pansi, masamba a tiyi ali mbwee pasimenti. Potsegula maso, anapeza mayi ake atagwada, atamugwira miyendo, akulira ngati mwana.