Chijasi cha Kuseri kwa Chitseko

Tsiku limenelo dzuwa silinatuluke n'komwe. Munali mu Julaye, ndipo amene anakhalako ku Dedza mwezi umenewu akudziwa zomwe ndikunena. Nkhungu imatsika m'phiri n'kukhala pakhomo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Mashiti amene tinayanika m'mawa tinawaanula madzulo ali chinyowere.

Ine ndine Esitere, kwathu ndi ku Mphunzi. Ndimachapa ndi kusita pa loji ina yomwe kumafikira alendo odzaona zojambula za m'mapanga. Dzina la lojiyo sinditchula, chifukwa ndikadali pomwepo ndipo ana anga amadya.

Mawa lake kumabwera basi ya anthu a msonkhano, ndipo mabedi onse amafunika mashiti ouma. Magetsi anali atathima kuyambira masana. Jenereta inalipo, koma ya pamalo pathu imadziwa njira ya ku bala ndi ku zipinda za alendo basi. Manijala wathu, a Zikhalo, anati tiumitse mashitiwo ndi nsimbi yamakala ngakhale kude. Anandipatsa Hawa kuti andithandize. Hawa anali wokonza m'zipinda, mwana wa a Juma ogulitsa nsalu pa boma. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, pakati pake poyamba, ndipo ankaseka chilichonse.

A Zikhalo anali ndi malamulo awiri amene anawabereka matawulo atayamba kusowa. Loyamba, mafoni a antchito azitsala ku ofesi. Lachiwiri, wogwira ntchito madzulo m'chipinda chositira azitsekeredwa ndi loko kunja, kuti thawulo lisamere miyendo.

"Naini koloko ndidzatsegula," anatero akugwedeza kiyi. "Musandiyang'ane choncho, amayi. Si ndende ino."

Loko anati khethe.

Chipindacho chili kuseri kwenikweni, pamene malo a loji amathera. Chitseko n'chimodzi. Zenera n'limodzi, lazitsulo, ndipo opaka penti analimata moti silitseguka. Pamwamba pa khoma lakumbuyo, pafupi ndi siling'i, pali mabowo atatu olowera mpweya. Pakhoma lina anamatapo chipepala cha Chingerezi chonena za chitetezo cha antchito, chojambulidwa munthu akuthamangira pakhomo. Munthu wa pachithunziyo anali ndi mwayi, chitseko chake chinali chotsegula.

Tsono cholakwa changa ndichinene ndekha. Mphepo inkalowa m'mabowo aja ngati ikutifuna ife. Hawa mano anali gwegwegwe. Ndinakwera patebulo n'kutseka mabowo onse atatu ndi mapilokesi otha ntchito. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chiguduli. Kenako ndinakokera mbaula pakati n'kuthira makala ambiri. Kwathu tonse timatero kukazizira. Chimene sindinaganize n'chakuti nyumba ya kwathu ndi yaudzu, imapuma yokha. Muno munali simenti ndi siling'i.

"Mayi a Pilira, mwatipulumutsa," anatero Hawa akuwotha manja.

Tinasita. Tinacheza za mayina a mwana. Kandulo inali patebulo, nyimbo za ku bala zikumveka patali. M'chipindamo munafunda bwino kwambiri.

Patapita nthawi Hawa anakhala pansi.

"Mutu ukundiwawa."

"Ndi mwanayo, wayamba kale kukulamula."

Anaseka, koma pang'ono. Kuseri kwa chitseko, pa msomali, pamakhala chijasi chakale chobiriwira, chonga cha alonda. Ndinachipeza pomwepo tsiku limene ndinayamba ntchito ndipo palibe anandiuzapo mwini wake. Aliyense wozizidwa ankangochivala. Hawa anachivala n'kugona pamulu wa mashiti.

Ndinapitiriza ndekha. Nanenso mutu unayamba kugunda cham'mbali umu. Nsimbi inkalemera. Ndinawotcha shiti imodzi, chibowo chonse, ndipo ndinangoyang'ana osamva kalikonse. Apa m'pamene mantha anandigwira, chifukwa ine Esitere kuwotcha shiti ya bwana n'kusadandaula, ndiye kuti china chalakwika.

"Hawa."

Zii.

"Hawa, dzuka iwe."

Ndinamugwedeza. Mutu wake unangogwera kumbali. Ankapuma, koma mofulumira, ngati nkhuku yothamangitsidwa.

Ndinapita pachitseko n'kuyamba kumenya. Ndinaitana a Zikhalo. Ndinaitana a Kizito, mlonda wathu, koma iwo amakhala kugeti kumunsi, chipewa chili m'makutu, wailesi ili pamwendo. Naini koloko inali itapita kalekale. Nyimbo za ku bala zinali zitaleka. Ndinamenya mpaka manja anachita dzanzi. Ndinati ndikatenge nsimbi ndiswe galasi la zenera, koma nditatembenuka chipinda chonse chinazungulira. Ndinapezeka ndili pansi, tsaya lili pasimenti.

Mbaula inali apo, mapazi anayi okha kuchokera pamene ndinagwa. Makala ali psuu, opanda utsi ngakhale pang'ono. Ndinadziwa kuti ndi yomweyo ikutipha. Ndinadziwanso kuti sindingathe kuifikira. Ndinaganiza za mayi ake a Hawa, kuti ndikawauza chiyani, kenako ndinakumbuka kuti wokawauza sindikhala ine.

Ndiye kunabwera tulo. Sindinamvepo tulo tokoma ngati timeneto.

Go. Go. Go.

Sikunali kuchitseko. Kugogodako kunachokera kukhoma lakumbuyo, pamwamba.

"Odi kuno."

Anali mawu a bambo wachikulire, aulemu, osasa pang'ono.

"Bwana?" Lilime langa linali lolemera.

"Si bwana. Amayi, musagone."

"Titsegulireni."

"Kiyi ndilibe. Nanenso sanandipatse."

Anatsokomola. Chifuwa chouma, chachitali.

"Musagone, amayi. Ine ndinagona."

Ndinakweza maso. Kandulo inali itatsala pang'ono kutha. Pilokesi ya m'bowo loyamba inkagwedera. Inayamba kulowa m'khoma pang'onopang'ono, wina akuikoka kunja, mpaka inasowa. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu inakanirira, ndipo ndinamva munthu akupuma mwamphamvu kuseri kwake asanaisolole.

Mphepo yozizira inanditsikira kumaso. Inabwera ndi fungo la fodya wa chingambwe.

Khoma limenelo ndimalidziwa. Ndimataya madzi kuseri kwake tsiku lililonse. Kumeneko nthaka imatsetsereka kulowa m'chigwembe, ndipo mabowo aja ali patali moti anthu awiri ataberekana pamapewa sangawafike. Makwerero a pa loji amakhala m'sitolo, ndipo sitoloyo ilinso ndi loko wake.

"Mtsikanayo mukokereni kuchitseko," mawu aja anatero. "Chotsani chigudulicho. Mphuno yake ikhale pampata."

"Sindingathe."

"Gwirani kolala ya chijasicho. N'cholimba, sichingang'ambike. Ndimachidziwa."

Ndinakwawa. Sindikudziwa kuti zinanditengera nthawi yaitali bwanji. Ndinkakoka kamodzi n'kupuma, kukoka n'kupuma, ndikulira ngati mwana. Nditafika ndinasolola chiguduli, n'kugoneka nkhope ya Hawa pampata wa pansi pa chitseko. Yanga ndinaiika pambali pake. Dzanja langa linali pamimba pake. Munali zii.

Kandulo inazima.

Maso akangoti atsekeke, go, go, go.

"Amayi, kwanu n'kuti?"

"Ku Mphunzi."

"Ana alipo angati?"

"Atatu."

"Atchuleni."

Ndinawatchula. Anandifunsa ngati mbatata yabereka ku Kaphuka chaka chino. Anandifunsa ngati mlatho wa kumunsi anaukonza. Ndikachedwa kuyankha ankagogoda. Nditasowa chonena ndinayamba kupemphera kolona, ndipo mawu aja ankayankha mbali yawo bwinobwino, monga timachitira kumphakati.

Tili pakati pa kolonayo, anasiya kuyankha.

Ndinamvetsera. Kunja kunali chete. Kenako ndinamva chitsulo chikukhwekhwerezeka pasimenti. Khwee. Kuleka. Khwee.

Munali m'chipinda momwemo, kumbuyo kwanga.

Fungo la chingambwe linadzaza ponseponse. Wina anatsokomola pamwamba pa mutu wanga penipeni. Kuwala kofiira kwa makala, komwe kunali pakhoma, kunayamba kusuntha. Kunadutsa pa chipepala cha Chingerezi chija, kunafika pachitseko, kenako kunalibe. Mdima wokhawokha.

Sindinacheuke. Ndikunena zoona, ngakhale akanandilonjeza loji yonseyo sindikanacheuka. Ndinangokanikiza nkhope yanga paphewa la Hawa.

Pamenepo pansi pa dzanja langa china chinagunda. Kamodzi. Kenako kawiri. Mwana uja.

"Wagunda," ndinatero, osadziwa kuti ndikuuza ndani.

"Eya," mawu aja anayankha chapansipansi, tsopano ali kunja kwa chitseko. "Musagonebe. Kwatsala pang'ono."

A Zikhalo anabwera kunja kukuyera. Anali atamwa ndi alendo n'kugona pampando ku ofesi, kiyi ali m'thumba. Ndinamva akuthamanga, kenako anaima. Panapita nthawi loko asanamugwire. Atatsegula sanayang'ane ife. Ankayang'ana pansi, pakhonde.

Mbaula inali panja, yozizira, makala atakhutulidwa pambali n'kukwiriridwa ndi dothi. Pafupi pake panali mapilokesi atatu, opindidwa bwino, wina pamwamba pa mnzake.

"Munaitulutsa bwanji?" anandifunsa. "Kiyi ndi mmodzi yekha. Amayi, munaitulutsa bwanji?"

Ndinawauza kuti abweretse galimoto.

Kuchipatala anamwino anati mpweya wa makala sununkha ndipo suoneka, umangomugoneka munthu. Anati tikanakhala nawo ola lina limodzi, bwenzi akukamba zina. Hawa anatsitsimuka masana. Sanakumbuke kalikonse koma kufunda. Mu Sepitembala anabereka mwana wamwamuna, wolira ngati wina wamubera. Pa loji sanabwererenso, ndipo bambo ake anachita kubwera okha kudzatenga foni yake ku ofesi.

A Kizito analumbira kuti usiku umenewo sanachoke kugeti. Iwo ndi a mpingo woletsa fodya, ndipo kolona sadziwa n'komwe poyambira.

Amene anandiuza za mwini mawu aja ndi a Vinsenti, akhukhi athu, omwe anayamba ntchito lojiyo ikumangidwa. Anandikokera kuseri kwa khitchini n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Chipinda chanucho kale chinali sitolo ya simenti," anatero. "Munkagona mlonda, a Anselmo, a ku Kaphuka. Simenti itayamba kusowa, kapitawo anayamba kumawatsekera mkati usiku. Mwezi wake unali Julaye yemweyu. Anawapeza m'mawa atakhala tsonga, mbaula ili pakati pa miyendo. Kwawo anakauzidwa kuti unali mtima."

"Nanga chijasi chija?"

"Anachitumiza kwawo kawiri. Funsani amene anachibweza."

Loko uja anachotsedwa sabata yomweyo. Anabwera anthu a mafayilo, anatiphunzitsa tsiku lathunthu, tinamwa fanta, anamata chipepala china chatsopano pambali pa chakale. Zenera anati alikonza.

Tsopano papita chaka chathunthu. Zenera likadali lomata. Mwezi wathawu matawulo awiri anasowanso, ndipo Lolemba ndinapeza loko watsopano, wonyezimira, akulendewera pachitseko. Ndinawayang'ana a Zikhalo. Iwo anayang'ana kumbali n'kunena kuti lamulo lachokera kwa eni ake.

Anthu amandifunsa chifukwa chake sindisiya. Ndisiye ndipite kuti? Pilira ali fomu 3.

Mbaula sindilowetsanso, zala ziume ziume. Mabowo aja sindilola munthu kuwakhudza. Koma nsimbi ndi yamakala yomwe ija, ndipo kiyi amakhala m'thumba lomwe lija. Tsono madzulo alionse loko akati khethe, ndimapita kuseri kwa chitseko, ndimakonza kolala ya chijasi chija, n'kunena motsitsa kuti mnzanga watsopano asamve:

"A Anselmo, lero tilimo awiri."