Anadzukira Ng'oma, Osati Ine

Nasir Osmani anamulakwira mwamuna wanga Latif, ndipo ndalemba dzina lake lonse dala. Awiriwa ndi amene anayambitsa bandi ya rege ya Chowe Roots mu 2004, Nasir woimba, Latif wa ng'oma. Ankaphunzira nyimbo kuseri kwa chigayo kwa Mponda, kubisalira mashehe. Koma tsiku limene Latif anamwalira, Nasir anatenga anzake onse kukaimbira alendo kuhotela. Kwathu kuno maliro sagona. Jeneza, chonyamulira maliro, ananyamula ndi anthu ena, wa bandi ngakhale mmodzi sanaikepo phewa.

Mwezi wathawu Nasir anaweruka mochedwa kudansi. Galimoto inamusiya, ndiye anauyamba wapansi, ng'oma yaikulu ya Latif ili pamutu. Poyandikira kumanda khosi linali litauma gwa. Anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi aja anaimanso.

"Tilandizane, achimwene," anatero munthu wovala mkanjo woyera. "Imeneyo ndimaidziwa kulemera kwake."

Nasir anangopereka, osayang'ana nkhope. Akuyenda, munthuyo ankafunsa za bandi: ngati Yankho anasiya mowa, ngati Mateus akumangabe gitala yake ndi waya wa mabuleki a njinga. Nasir ankangoyankha mwachidule. Kenako zala za munthuyo zinayamba kugogoda ng'oma ija ili pamutu pomwepo. Kawiri... kudumpha... kawiri. Mangochi yonse woimba choncho anali mmodzi yekha.

Kunamveka fungo la lubani.

Pa kanjira kolowera kumanda, munthuyo anatula ng'oma ija mosamala.

"Ine ndafika. Lero ndiye mwandiperekeza."

Nasir anadzutsa maso... Latif! Latif yemwe anaikidwa m'manda omwewo mu 2016.

Kutacha Nasir anabwera kwanga, ati kudzapepesa. Anafotokoza zonsezi atagwada pakhonde. Ine mkeka sindinamupatse.

Ife akazi kumanda sitifika, mpaka lero sindidziwa kuti mutu wa mwamuna wanga unagona pati. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha kuti ndimuone ngakhale kutulo, koma ayi ndithu. Ndinamusambitsa akudwala ndine. Ana ake ndalera ndekha ndi mandasi. Koma tsiku limodzi lokha limene anadzuka, anakasenzera katundu munthu amene anamutaya.

Inu amene mwawerenga izi, musangopukusa mutu. Ndiyankheni: ndinamulakwira chiyani Latif kuti adzukire ng'oma, osadzukira ine?