Tafika, Madala

Linali Lachiwiri madzulo, titangomaliza kudya. Ine ndinkachonga makope a ana a sukulu pa tebulo. Amuna anga anali pampando wawo wa pafupi ndi zenera, nsapato atavula, masokosi akadali kumapazi. Wailesi inkayankhula yokha.

Kenako tinamva kugogoda pa galasi la zenera, kumbuyo kwa mutu wawo. Go, go. Kawiri basi.

Ndinaona phazi lawo lamanja likunyamuka pansi pang'onopang'ono. Dzanja lawo linakwera m'mwamba ngati likufuna kuzimitsa chinthu. Nkhope inali gwa.

"Mwamva, Aphunzitsi?" anandifunsa. Ndi mmene amanditchulira kuyambira tili pachibwenzi.

"Ndamva. Kapena ndi nthambi."

"Nthambi yake iti? Mtengo uja ndinadula chaka chatha, inu nomwe mukundilondalonda."

Ndinatenga tochi n'kutuluka. Panja panalibe munthu. Galu wa aneba anali chigonere pa khonde lawo, osatukula ngakhale khutu.

Amuna anga ayendetsa ambulansi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Pakati pa dalaivala ndi kumbuyo kogona wodwala pali kazenera kagalasi, ndipo sayilini ikamalira mawu samveka. Choncho iwo ndi anamwino awo amalankhulana pogogoda. Kamodzi ndiye kuti chepetsani pang'ono, ndikubaya jakisoni. Kambirimbiri ndiye kuti thamangani. Kawiri ndiye kuti zimitsani sayilini, palibenso chothamangira.

Alinso ndi mwambo wawowawo umene sanauphunzire kwa munthu. Akaima pakhomo la chipatala, amatsika, n'kutsegula okha chitseko chakumbuyo, n'kumuuza wodwalayo kuti, "Tafika." Kaya munthuyo wakomoka, kaya ndi khanda, amamuuza ndithu. Anzawo amawaseka nazo.

Kugogoda kuja kunabweranso Lachisanu, kenako Lamlungu. Nthawi zonse kawiri, nthawi zonse pa galasi. Amuna anga anasiya kugona. Munthu amene mkonono wake ndakhala ndikuudandaula chikwatiranireni, tsopano ankangogona chagada, maso ali kudenga. Ndikawagwira phewa ankati, "Gonani inu, mawa muli ndi ana a eni." Ndikafunsa chimene chavuta ankati palibe.

Patatha milungu itatu, anamwino awo anandiimbira foni. Anati masana a tsikulo ananyamula mayi wapakati amene ankataya magazi. Ali pakati pa msewu, amuna anga anazimitsa sayilini n'kuyamba kuyenda ngati akuperekeza maliro.

"Ine sindinagogode, mlamu," anatero anamwinowo. "Manja anga onse anali pa mayiyo. Ndinachita kukuwa. Mayiyo ali bwino, koma akuluakulu amva. Awalanda kaye makiyi a ambulansi n'kuwauza kuti asankhe, kukaonana ndi alangizi a zamaganizo kapena kusiyiratu ntchito."

Achemwali awo a amuna anga atamva, anabwera ndi maganizo awo. Anati wogogodayo ndi munthu amene anafera mu ambulansi, ndipo zotere sizifuna alangizi, zimafuna mapemphero. Ine ndinapita ku koleji, ndipo ndinawerengapo za mmene mantha amakhalira m'thupi la munthu amene waona zoopsa zambiri. Ndinkadziwa mbali imene ndiyenera kuima. Koma sindinawatsutse alamu angawo ndi mtima wonse, chifukwa kugogodako nanenso ndinkakumva. Tinagwirizana kuti iwo azipemphera, ife tipite kwa alangizi.

"Ndiye mukufuna ndikalire pagulu, bambo wamkulu ngati ine?" amuna anga anatero.

"Mukalire, ndikutengerani mpango."

Chipinda cha alangizi chili kuseri kwa chipatala, pafupi ndi kochapira zovala. Muli mipando yapulasitiki isanu ndi itatu ndi fani yosazungulira. Lachinayi lililonse mumakumana anthu a ntchito zothamangira ngozi. Tsiku limenelo munali ozimitsa moto awiri, wapolisi wamkazi, ndi msilikali wina wopuma amene anasankha mpando woyang'ana kukhomo. Akazi ndi amuna awo amaloledwa kukhala nawo. Alangiziwo ndi mayi wamfupi wa imvi, wosafulumira kuyankhula.

Mlungu woyamba amuna anga anangomvetsera nkhani za anzawo. Wachiwiri anaseketsa anthu ndi nkhani ya mbuzi imene inakwera mu ambulansi. Wachitatu, anthu atatuluka, anatsalira pampando. Ndipamene ndinaimva nkhaniyo koyamba.

Miyezi iwiri m'mbuyomo anakatenga mdala wina ku kachipatala kakang'ono kakutali, wodwala mtima. Analibe womuperekeza. Anagona pa machira chipewa chake atachigwira pachifuwa, ndipo anakana kuti anamwino amusungire. Asanatseke chitseko, mdalayo anawagwira dzanja amuna anga.

"Adalaivala, ine maso ndatseka, galimoto imandichititsa chizungulire. Tikafika mundiuze."

"Ndikuuzani ine ndemwe, madala."

Anathamanga mmene sanathamangirepo. Atangodutsa pa mlatho, magetsi a chipatala akuonekera patali, anamva kugogoda kawiri. Anazimitsa sayilini. Sanaime pakhomo lakutsogolo, anazungulira kuseri, kunyumba yachisoni. Chitseko anatsegula ndi anthu a kumeneko. Iwo anangokhala pa chiwongolero mpaka foni ina inalira.

"Ndanyamula anthu ambiri amene anathera panjira," anatero, akuyang'ana manja awo. "Koma uyu ndinamulonjeza."

Alangizi anafotokoza modekha kuti munthu akhoza kusenza zoopsa zana osagwa, kenako chimodzi chaching'ono n'kumugwetsa, ndipo thupi limabwerezabwereza mphindi imeneyo ngati ikuchitika lero. Zinali zomveka. Komabe ndinafunsa.

"Nanga ine, mayi? Ine mu ambulansimo munalibe, koma ndimamva."

"Achibale ambiri amandiuza zotero," anayankha. "Mukakhala ndi munthu amene akudikira phokoso, nanunso mumayamba kulidikira. Koma sindinganene kuti simunamve. Kunyumba kwanuko ine kunalibe."

Kenako anatembenukira kwa amuna anga. "Bambo, ulendo umenewo munaumaliza?"

Amuna anga anapukusa mutu.

"Kaumalizeni. Osati pa ambulansi, ndipo osati nokha. Mupite masana, ndi mayiwa. Zikakulemerani muime, mudzayesenso tsiku lina."

Loweruka tinabwereka galimoto ya achimwene anga. Tinafika pa kachipatala kaja dzuwa likadalipo, koma amuna anga anakhala pa chiwongolero osaliza injini. Sindinawafulumize. Ogulitsa malonda pamsewu analongedza katundu wawo. Mdima unayamba kugwa.

"Alangizi anati masana," ndinawakumbutsa.

"Tikabwerera lero, sindidzabweranso. Khalani kumbuyo, Aphunzitsi. Mbali iyo. Mbali inayo muisiye."

Ndinakhala kumbuyo, chikwama changa ndinachiika pamiyendo. Tinanyamuka.

Msewu unali wopanda anthu. Ndinkaona khosi lawo likunyezimira thukuta. Mawindo onse anali otseka, koma mkono wanga wa mbali ya mpando wopanda munthu uja unayamba kuzizira. Ndinadziuza kuti galimoto ya achimwene ndi yakale, mphepo imalowa paliponse. Sindinayang'ane mbali imeneyo.

Matayala anagunda zitsulo za pa mlatho. Magetsi a chipatala anaonekera patali.

Go, go.

Pa galasi la mbali yopanda munthu. Mkati, osati kunja.

Galimoto inayamba kuchepa liwiro. Ndinaona dzanja lawo likukwera kufuna batani limene m'galimoto imeneyo mulibe. Ndinawagwira phewa.

"Si ine ndagogoda, ndipo palibe amene wakuuzani kuti muime. Pondani, bambo. Anthu akudikira kufika."

Anapuma mwamphamvu. Phazi linabwerera pamalo pake.

Pa geti la chipatala sanakhotere kuseri. Anaima pakhomo lakutsogolo penipeni, pamene pamaima ambulansi. Anatsika, anakonza kolala ya malaya, anazungulira galimoto. Anatsegula chitseko cha mbali yopanda munthu n'kuwerama pang'ono.

"Tafika, madala," anatero. "Pepani, tachedwa."

Mpando wa pafupi nane unalira, kulira kuja kumene mpando umalira munthu akamadzuka. Ndikhoza kunena kuti ndine ndinasuntha. Mwina ndinasunthadi.

Amuna anga anagwira chitsekocho nthawi yaitali, ngati mmene umachitira podikira munthu wamkulu kuti atsike bwinobwino. Kenako anatseka, n'kutsamira galimoto, n'kulira. Mpango uja ndinali nawodi m'chikwama.

Tili chiimire, kunabwera mlonda. Anali wachilendo, sankawadziwa amuna anga.

"Bwana, apa ndi pa ambulansi, musunthe galimoto," anatero. "Komanso ulendo wina muzipempha njinga ya odwala. Munthu wamkulu ngati uja simungamusiye kuti akwere yekha masitepe."

"Munthu wake uti?" ndinafunsa.

"Madala a chipewa aja. Si mwabwera nawo ndinu? Atafika pamwamba paja anatembenuka n'kukuvulirani chipewa, inu osaona n'komwe."

Tinayang'ana pa masitepe. Chitseko chagalasi chinali chikubwerera chokha pang'onopang'ono.

Ndaiganizira nkhaniyi kambirimbiri. Pakhomo la chipatala pamadutsa madala ambiri, ndipo ambiri amavala zipewa. Mlonda wotopa akhoza kuphatikiza anthu amene sanabwere limodzi. Nditawauza alangizi, anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungofunsa kuti, "Nanga bambo akugona?" Alamu anga akuti ndi mapemphero awo, ndipo auza mzere wonse wa nyumba zathu kuti mdalayo ankangofuna womutsitsa. Ine sindilimbana ndi aliyense wa iwo. Amuna anga anabwezeredwa makiyi patatha mwezi, ndipo Lachinayi amapitabe kuchipinda chija, chifukwa m'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi munalowa zambiri, si mdala yekhayo. Msilikali uja tsopano amawasungira mpando.

Koma usiku umene tinachokera kuchipatala, anagona nsapato zili kumapazi. Ndinawavula ndine. Posakhalitsa mkonono unayamba, uja wogwedeza malata, ndipo ndinaumvetsera ngati nyimbo. Ine tulo sitinabwere. Khutu langa linali ku zenera la pabalaza.

Mkonono unaduka. Dzanja lawo linandifufuza mumdima n'kupeza mkono wanga.

"Aphunzitsi, mukudikira chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye gonani," anatero, mawu ali olemera ndi tulo. "Tafika."