Keziah ndi Chitini cha Phulusa

Keziah anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Chelstone, mumzinda wa Lusaka. Ankakhala ndi amayi ake, abambo ake ndi mlongo wake wakhanda, Jesse. Anali atangosamukira kumeneko.

Keziah ankamukonda kwambiri Jesse. Jesse akaseka, Keziah ankaseka. Jesse akalira, mtima wa Keziah unkawawa.

Koma Keziah anali wamanyazi. Manyazi ake anali osati masewera! Munthu akamupatsa moni, iye ankangoyang'ana nsapato zake. Ankaziyang'ana ngati moniwo wagwera pomwepo.

Loweruka lina m'mawa kunazizira kwambiri. Unali mwezi wa Juni. Abambo anali atapita kuntchito. Jesse anadzuka ndi njala. Anayamba kulira.

"Ng'aa! Ng'aa!"

"Osalila, Jesse," anatero amayi. "Nizakuphikila phala manje manje."

Amayi anaika poto pachitofu cha magetsi. Anatembenuza kabatani. Anadikira. Chitofu chinangoti zii.

"Aa, malaiti yaenda!" anatero amayi. Magetsi anali atathima.

"Ng'aa! Ng'aa!" analira Jesse.

Amayi anaika poto pachitofu cha gasi. Anatembenuza kabatani. Chitofu chinati tcha, tcha, tcha. Koma moto sunatuluke.

"Na gasi yasila!" anatero amayi. Gasi anali atatha.

"Ng'aa! Ng'aa!" analira Jesse.

Pakhonde panali mbaula. Mbaula ndi kachitofu kachitsulo. Ili ndi zibowo zambirimbiri. Ili ndi chogwirira cha waya. Imadya makala, siifuna magetsi.

Makala analipo. Mbaula inalipo. Amayi anatsegula bokosi la machesi. Munalibe ngakhale kamtengo kamodzi!

Kasitolo ka pakona kanali kotseka. Mwini wake anali atapita kutchalitchi cha Sabata.

Amayi anayang'ana pawindo. Kuseri kwa mpanda kunkakwera utsi.

"Keziah, ona utsi uja," anatero amayi. "Mbaula ya baneba yayaka kale. Yenda ukapale moto."

"Kupala moto ni chani, ba Mami?"

"Ni kupempha malasha yoyaka. Tiwili, titatu chabe."

Malasha ndiwo makala. Ku Lusaka amatero.

Keziah anayang'ana nsapato zake.

"Yendani imwe, ba Mami," ananong'ona.

"Jesse ali na chimfine, mwana wanga. Mphepo iyi izamudwalitsa."

Keziah anayang'ana Jesse. Masaya a Jesse anali atanyowa ndi misozi. Ankayamwa chala chake. Chalacho sichinamukhutitse. Keziah anamva chisoni kwambiri. Anavala juzi yake n'kutuluka.

Geti la aneba linali lobiriwira. Linali lalitali. 

"Odi," anatero Keziah. Mawu ake anali ngati a kambewa. Palibe anamva.

"Odi," anateronso. Nkhuku yokha ndiyo inamva.

Kenako anamva kulira kuchokera kwawo. "Ng'aa! Ng'aa!"

Keziah anakoka mpweya.

"ODI!"

Geti linatseguka. Panaima mtsikana wamsinkhu wake. Analibe mano awiri akutsogolo.

"Bwanji? Ndine Imelda," anatero mtsikanayo.

Keziah anayang'ana nsapato zake.

Amake Imelda anali pabwalo. Ankaotcha mbatata pambaula. Mbaula yawo inali psuu ndi moto.

"Ee, mwana wa aneba atsopano uyu!" anatero. "Lowa, mwanangu. Tikuthandize chiyani?"

"Ba Anti," anatero Keziah, maso ali pansi. "Ba Mami bakuti mutipaseko moto. Jesse ali na njala."

"Tamumva kale akulira," anatero amake Imelda. "Moto sitimanana, mwanangu. Dikira pang'ono."

Anatenga chitini. Chitinicho chinali ndi chogwirira cha waya. Anatenganso chopanira makala.

Keziah anamva go, go, go, m'chitini. Kenako anamva waa! Koma sanaone kanthu. Maso ake anali pansapato basi.

"Gwira waya," anatero amake Imelda. "Usagwire chitini. Usathamange."

"Zikomo, ba Anti," ananong'ona Keziah.

Panja mphepo inkaomba. Inkaulutsa masamba. Inkaulutsa mapepala. Keziah anayenda pang'onopang'ono. Anagwira waya. Sanagwire chitini. Sanathamange.

Atafika pageti lawo, anaima. Anasuzumira m'chitini muja.

Mayo! Munalibe moto. Munalibe kofiira ngakhale pang'ono. Munali phulusa lokhalokha, lili mbuu!

"Nauzimya," anatero Keziah. "Nayenda pang'onopang'ono maningi."

M'nyumba Jesse ankalirabe. Tsopano ankalira motopa. Keziah nayenso anayamba kulira. Abwerere kugeti lobiriwira lija? Akanenenso odi? 

Pafupi ndi geti panali ngalande ya madzi. Keziah anaganiza zotaya phulusalo. Phulusa siliphika phala. Anakweza chitini. Anayamba kuchipendeketsa.

"Iwe! Usataye!"

Anali Imelda. Ankabwera chothamanga. Dzanja lina ananyamula chivundikiro cha poto. Dzanja lina ananyamula kachitini kobooka.

"Usataye!" anateronso, akupuma wefuwefu.

"Moto wafa," anatero Keziah. "Muli chabe phulusa."

"Sunafe! Wagona chabe."

"Wagona?"

"Ee. Faka kwanja pafupi. Osagwila!"

Keziah anasendeza dzanja lake pafupi ndi chitini. Anamva kutentha. Kunali kutentha kokoma.

"Amama baufundika na phulusa," anatero Imelda. "Phulusa ni bulangeti ya moto. Mphepo siingauzimye. Sunaone pamene benze kufundika?"

Keziah anapukusa mutu.

"Nenze kuyang'ana nsapato," anatero.

Imelda anawerama. Nayenso anayang'ana nsapatozo. Anaziyang'anitsitsa ndithu.

"Ni zabwino," anatero. "Koma siziphika phala."

Keziah anaseka, misozi ili m'masaya. Imelda anasekanso. Mpata wa mano ake unaonekera wonse.

Analowa limodzi. Amayi anagoneka Jesse pampando, pafupi ndi windo. Anabwera pakhonde.

"Mwauka bwanji, ba Anti?" anatero Imelda.

"Bwino, mwana wanga. Zikomo pomupelekeza."

Amayi anakhuthulira chitini chija pambaula. Phulusa linagwera pansi kudzera m'zibowo. Pamwamba panatsala makala atatu. Anali ofiira. Anali amoyo!

"Yauka!" anakuwa Keziah.

Amayi anasanja timakala tating'ono mozungulira. Anasanja tina pamwamba.

Imelda anapereka kachitini kobooka kaja. Kanalibe chivundikiro. Kanalibenso pansi pake.

"Aka ni ka chumuni," anatero. "Kakoka utsi. Moto uyaka fasiti."

Amayi anakaimika pamwamba pa makala. Utsi unayamba kutulukira pamwamba.

Imelda anapatsa Keziah chivundikiro cha poto.

"Kupiza apa, pa mabowo," anatero.

Keziah anagwada chapatali pang'ono. Anakupiza. Pe, pe, pe! Makala anati thethethe.

"Futi!" anatero Imelda.

Keziah anakupizanso. Pe, pe, pe! Mkono unatopa. Koma Jesse ankalirabe. Keziah sanaleke. Pe, pe, pe!

Mwadzidzidzi lawi la moto linatulukira m'kachumuni. Linali lachikasu. Linkavina.

"Wayaka! Ba Mami, wayaka!"

Amayi anachotsa kachumuni ndi chopanira. Anatereka poto. Madzi anawira. Amayi anathira ufa ndi nsinjiro. Phala linati bwatabwata.

"Tiingenese mbaula mu nyumba?" anafunsa Keziah. "Jesse amvela mphepo."

"Iyayi," anatero amayi. "Mbaula ikhala panja. Mpweya wa malasha ni woipa mu nyumba. Jesse tizamufundika bulangeti."

"Monga moto!" anatero Keziah.

Phala linapsa. Amayi analiika m'kambale. Analiuzira mpaka linazizira bwino. Anakulunga Jesse m'bulangeti. Anakhala naye pakhomo, pomwe mphepo sinkafika.

"Keziah, mudyese ndiwe," anatero amayi. "Moto wabwela na iwe."

Keziah anatenga kasupuni. Anatapa phala pang'ono.

"Aaa, Jesse. Yasama."

Jesse anayasama. Anameza. Kulira kunatha pomwepo. Anayasamanso. Anamezanso. Phala lina linapita pamphuno. Lina linapita pajuzi ya Keziah. Jesse sadziwa kudya mwaulemu, ameneyo!

Kambale katatha, Jesse anagwira chala cha Keziah. Anachigwira zolimba. Anamwetulira, kenako anagona tulo. Keziah anasangalala kwambiri.

Imelda anapisa dzanja m'thumba. Anatulutsa mbatata yootcha. Inali ikadali yofunda. Anainyema pawiri. Keziah analandira ndi manja awiri.

Pamsewu ana anayamba kukuwa.

"Malaiti yabwela! Malaiti yabwela!"

Wailesi inayamba kuimba m'nyumba. Koma palibe anadzuka. Onse anakhalabe pakhonde, akuotha mbaula.

M'mawa mwake magetsi anathimanso. Koma abambo anali atagula machesi. Mbaula inali itayaka kale. Phala la Jesse linali pamoto.

Pageti panamveka mawu.

"Odi! Nabwela kupala moto!"

Keziah anathamangira kugeti. Anatsegula. Anali Imelda, chitini chili m'manja. Keziah sanayang'ane nsapato. Anayang'ana Imelda kumaso.

"Ingena," anatero.

Abambo anapana makala atatu. Anawaika m'chitini. Go, go, go.

"Ba Dadi, lindilani," anatero Keziah.

Anatapa phulusa lozizira ndi chivundikiro. Analithira pamwamba pa makala. Waa! Anafunditsa motowo bwinobwino. Kenako anapereka chitini kwa Imelda.

"Gwila waya," anatero Keziah. "Osathamanga. Na osataya! Wagona chabe."