Pulogalamu Yosalakwa

Panali bambo wina wolemba mapulogalamu a kompyuta amene anzake ankamutcha Mawa, chifukwa kasitomala akafunsa kuti ntchito itha liti, yankho linali lomwelo. Ankagwirira ntchito m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala, pa laputopu yong'aluka galasi. Akakonza cholakwika chimodzi, zitatu zinkabadwa. Makasitomala onse anathawira kwa mnzake wa kusukulu, amene tsopano ankamudutsa pagalimoto osaimika. Kunyumba, mkazi wake anali atasoka zigamba pa yunifolomu ya mwana wawo wamkazi kachisanu. Mawa mtima unamuwawa.

Tsiku lina masana anapita kwa sing'anga wa kuseri kwa malo ogulitsira zitsulo zakale.

"Ndikufuna mapulogalamu anga asamalakwe, ndilemere," anatero.

Sing'angayo anaseka pang'ono. "Ndinu katswiri, mukudziwa nokha. Cholakwika sichifa, chimangosamuka. M'makinamo ndichichotsa, koma chidzafuna pokhala."

"Chikakhale kulikonse."

"Ngakhale pansi pa denga lanu, bambo?"

Mawa anavomera msanga, monga mmene anthu amavomerera malamulo a pulogalamu osawerenga. Anapatsidwa kachithumwa kakuda koti aike pansi pa batire la laputopu yake.

Zinayendadi. Chilichonse chimene analemba chinkagwira ntchito ulendo woyamba. Makampani anamulimbirana, anagula nyumba ya mpanda.

Atagulitsa pulogalamu yachitatu, mwana uja anadzuka m'mawa n'kufunsa, "Ababa, nsapato zanga zili kuti?" Anamupatsa. Mwanayo anafunsanso, nsapato zili m'manja. Anafunsa tsiku lonse, sabata yonse, mpaka mawu anasasa. Madokotala sanapeze kanthu.

"Alamu, chilichonse mwachitacho, chisiyeni," anamudandaulira mchemwali wa mkazi wake.

Koma panali kampani ina yaikulu ikudikira. Mawa anati amalize pulogalamu ya kampani imeneyo yokha. Tsiku limene anaipereka, mkazi wake anaima chiimire pakhomo la khitchini, kapu ili m'manja, mawu atadukira pakati. Ankapuma, maso ali tong'o, koma sanasunthenso.

Mawa anathamangira kwa sing'anga uja. "Bwezani mmene zinalili! Tengani zonse!"

"Paja makasitomala anu zikawavuta mumawauza chiyani?" anafunsa sing'angayo modekha. "Zimitsani, muyatsenso."

"Munthu akazima sayakanso!"

"Mwadziwa lero zimenezo?"

Anaphwanya laputopu ndi njerwa, anatentha chithumwa, koma palibe chinasintha. Mkazi wake anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi. Mwana anatengedwa ndi amayi ake aang'ono, ndipo sanachire. Mawa mutu unabalalika. Anathera m'mbali mwa msewu, atavala sanza, akuimitsa aliyense wodutsa n'kumupempha kuti amusonyeze pamene analakwitsa.

Ntchito ya manja a munthu imalakwika, ndipo amaikonza ndi thukuta. Wadyera amene akufuna chuma chopanda khama adziwe kuti zolakwa zake adzazisenza ndi anthu amene amawakonda.